Mwatipatsa pulogalamu, nanga source yake tikaipeza kuti?

Anthu amene amatiuza kuti tisiye Windows yakuba ija tiike Linux amakonda kunena chinthu chimodzi, amati iyi ndi pulogalamu yaufulu, source code yake aliyense atha kuiona, kuisintha komanso kuigawa kwa anzake. Ndi zoona ndithu, ine sindikutsutsa ayi, ndipo ndine mmodzi mwa amene amalimbikitsa anyamata kuno ku Angónia kuti aziika Debian kapena Mint, imene ndi mitundu ya Linux, pa malaputopu akale aja amene abale amabwera nawo ku Joni. Koma pali funso limene sitimafunsa. Munthu wakhala pa Ulónguè apa, kompyuta ili patsogolo pake, waona kuti pulogalamu ina ikuvuta, kodi kuchokera pa fayilo imene ili mu kompyuta yakeyo kukafika pa source yeniyeni imene inapanga fayilo imeneyo, ulendo wake ndi wautali bwanji? Ine ndikuti kutalika kwa ulendo umenewu amasankha ndi anthu amene amamanga maphukusi a mapulogalamu, ndipo zina mwa zosankha zawo zikutipweteka ife amene intaneti timachita kugula mamega owerengeka.

Kwa amene sanazolowere nkhanizi ndifotokoze pang'ono. Pulogalamu imene umaika mu kompyuta nthawi zambiri imakhala yogayidwa kale kuti makina aimve, munthu sungaiwerenge, pamene source ndi zimene anthu analemba ndi manja awo zisanagayidwe. Zili ngati ufa ndi chimanga: ufa uphikira nsima bwinobwino lero, koma ukafuna kudzala kapena kuona ngati mbewu yake inali yofumbwa ndiye pafunika chimanga chenichenicho, ufa sungakuthandize. Tsono ku Debian, imene anaiyambitsa Ian Murdock mu 1993, anagawa zinthu pawiri, pali binary package imene timaika ija yothera ndi .deb, ndiye pali source package imene kwenikweni ndi mafayilo atatu, ka .dsc kofotokoza, .orig.tar kamene kali ndi zolemba za eni pulogalamu, ndi .debian.tar mmene muli zonse zimene anthu a Debian anawonjezera kapena kusintha. Dongosolo limeneli ine ndimaliona kuti ndi labwino kwambiri chifukwa limasiyanitsa poyera za eni ake ndi za omanga phukusi, ukatsegula foda ya debian/patches umaona chigamba chilichonse pachokha ndi dzina lake.

Vuto loyamba ndi mayina. Source package imodzi imabereka ma binary ambirimbiri ndipo mayina safanana. Uli ndi libc6 mu makina ako koma source yake dzina lake ndi glibc. Uli ndi libssl3, source yake ndi openssl. Ka lamulo ka ping kali mu iputils-ping, source yake ndi iputils, ndipo ka dig kamene timayesera DNS netiweki ikamavuta kamachokera ku bind9. Wophunzira amene wangoyamba kumene, mwina wa ku Instituto Superior Politécnico de Tete wabwera kutchuthi kwawo ku Dómuè, akalemba dzina limene akuliona pa Google amangozungulira osapeza kanthu. Apa ndiyamikire anthu a apt, chida choikira maphukusi pa Debian, chifukwa anaganiza bwino, ukalemba apt source libc6 iyo yokha imakuuza kuti ndasankha glibc mmalo mwa libc6, ndipo ngati sukudziwa olo dzina la phukusi umangolemba dpkg -S ndi njira ya fayiloyo, imakuuza mwini wake. Ku Fedora, mtundu wina wa Linux, nakonso rpm -qf imakuuza phukusi, rpm -qi imakuonetsa mzere wa Source RPM, kenako dnf download --source basi zatheka. Zimenezi zikusonyeza kuti omanga maphukusi akafuna, njira imafupika.

Koma akapanda kufuna? Pa Ubuntu, Linux yomangidwa kuchokera ku Debian, ukangomaliza kuika, ukalemba apt source chilichonse imakukanira, imati uyambe waika mizere ya deb-src, youza apt kokatenga ma source, mu sources.list yako. Mizereyo kwa zaka zambiri inalimo koma yotsekedwa ndi ka # kutsogolo kwake, ndiye umayenera kudziwa kuti fayilo ili pa /etc/apt/sources.list, uitsegule ngati root, mwini mphamvu zonse pa makinawo, uchotse tima # tija, upange apt update, uikenso dpkg-dev kuti imasule mafayilo. Pa Ubuntu 24.04 anasinthanso, zinthu zinasamukira ku /etc/apt/sources.list.d/ubuntu.sources ndi kalembedwe katsopano kamene pa mzere wa Types uyenera kuwonjezera wekha mawu oti deb-src, kutanthauza kuti malangizo onse akale amene munthu angawapeze pa intaneti, ngakhale a Chipwitikizi aja amene ambiri kuno timadalira, akumuuza kuti akonze fayilo imene panopa ili pafupifupi yopanda kanthu. Mnyamata amatsegula, amapeza timizere tochepa tomuuza kuti zinasamuka, amatseka laputopu. Debian yeniyeni ukaika mwa nthawi zonse mizere ya deb-src imabwera yotsegula kale. Ndiye muone, apt ndi yomweyo, mtundu wa phukusi ndi womwewo, koma wina anasankha kutsegula wina anasankha kutseka.

Ndikudziwa yankho limene ena apereke, ndipo si lopusa ayi. Adzati deb-src ikakhala yotsegula, apt update iliyonse imakokanso mndandanda wa ma source, amenewo ndi mamega angapo owonjezera nthawi iliyonse, ndiye iwe amene ukudandaula za mamega bwanji ukufuna tikuwonongere ena? Komanso anthu ambiri sadzalembapo apt source moyo wawo wonse. Ndikuvomera mbali imeneyo. Mayi amene akufuna kulemba kalata ya ku mpingo pa LibreOffice alibe nazo ntchito. Koma mankhwala ake si kubisa chitseko. Uthenga wokana uja bwenzi ukufunsa kuti kodi nditsegule ma source panopa, inde kapena ayi, munthu n'kungodina basi. Pa Mint ndi pa Ubuntu kabatani kotsegulira source code kalipo mu pulogalamu yoyang'anira magwero a mapulogalamu, koma uthenga wa mu terminal, mmene timalembamo malamulo muja, sukuuza zoti kaliko. Kanthu kakang'ono ngati kameneko kwa munthu wa ku London amene intaneti yake siitha ndi mphindi ziwiri pa Google, kwa wa ku Tsangano amene netiweki amakaipeza pa chulu ndi tsiku lathunthu, mwinanso n'kusiyiratu.

Ndiye pali nkhani ya kernel, mtima wa Linux woyendetsa zida za makina, imene imasokoneza olo anthu odziwa. Wagula ka WiFi ka USB pa msika, sikakugwira, ukufuna kuona driver yake, code yokayendetsa, mu source. Pa Ubuntu phukusi lotchedwa linux-image-generic lilibe kernel mkati, ndi kolozera chabe kochokera ku linux-meta, ndipo kernel imene ikuyenda mu makina ako nthawi zambiri ndi yosainidwa chifukwa cha Secure Boot, chitetezo cha poyatsa makina, yochokera ku linux-signed, mmene mulibenso code ya ma driver. Source yeniyeni ili mu phukusi longotchedwa linux, loposa mamega 100. Zifukwa zogawira chonchi zilipo ndipo ndi zomveka, koma amene akufufuza amakoka phukusi lolakwika kawiri asanafike pa lenileni, ndipo palibe pamene makina amamuuza kuti achimwene mwasochera, pitani uku.

Wina afunsa kuti bwanji osangopita pa GitHub, webusaiti imene olemba mapulogalamu amaikapo code yawo, kukatenga source kwa eni pulogalamu, kuvutikiranji ndi source package? Apa ndi pamene ndikufuna tikhalepo pang'ono chifukwa ndi pamene ambiri amanamizika. Zimene zili pa GitHub si zimene zili mu kompyuta yako. Pakati pa ziwirizi padutsa manja a womanga phukusi, ndipo manja amenewo amasintha zinthu. Mu 2006 munthu wina wosamalira OpenSSL, pulogalamu yobisa mauthenga pa intaneti, ku Debian anachotsa timizere tochepa ta code pofuna kuletsa machenjezo amene chida choyesera chotchedwa Valgrind chinkatulutsa, osadziwa kuti wathyola mbali imene imapanga manambala osalosereka. Kwa zaka pafupifupi ziwiri makiyi achinsinsi a SSH (yolowera mu kompyuta ili patali) ndi SSL (yotetezera mawebusaiti) opangidwa pa Debian ndi Ubuntu anali oloserereka, a mtundu umodzi ankangokhala pafupifupi 32,000 basi, mpaka Luciano Bello anazitulukira mu May 2008. Amene akanapita kukawerenga source kwa eni OpenSSL sakanaona cholakwika chilichonse chifukwa kumeneko kunali bwinobwino. Vuto linali mu source package ya Debian, ndipo kumeneko n'kumene linaonekera.

Ya xz, ka pulogalamu kopanikizira mafayilo, ndi yaposachedwa ndipo ndi yoopsa kuposa apo. Pa 29 March 2024 Andres Freund, amene amagwira ntchito pa PostgreSQL, analengeza kuti wapeza msampha mu xz 5.6.0 ndi 5.6.1, atadabwa kuti kulowa pa SSH pa makina ake a Debian yoyesera kukuchedwa ndi pafupifupi theka la sekondi. Munthu wina amene ankadzitcha Jia Tan anakhala zaka akuthandiza pa pulojekitiyo mpaka anamukhulupirira, kenako n'kuikamo khomo lobisika. Chimene chikukhudza nkhani yathu n'chakuti kachidutswa koyatsira msamphawo sikanali mu git, nkhokwe ya code mmene anthu amayang'ana tsiku ndi tsiku, kanali mu tarball yokha, mtolo wa mafayilo a source, ija imene omanga maphukusi amatenga kukamangira. Ndiye funso loti phukusi langa linamangidwa kuchokera ku chiyani kwenikweni, git kapena tarball, vesheni iti, ndi zigamba ziti, si funso la anthu okonda mikangano ayi. Ndi funso limene linateteza maseva ambirimbiri pa dziko lonse, ndipo linayankhika chifukwa source package inalipo, munthu n'kuitsegula n'kufananitsa.

Tsono taonani kumene zinthu zikulowera masiku ano. Ubuntu inasamutsa browser ya Chromium kupita ku snap, mtundu wina wa phukusi, kuyambira 19.10, ndipo pa 22.04 phukusi la .deb la Firefox linasanduka chigoba chongokuikira snap. Ukalemba apt source firefox pamenepo umalandira source ya chigobacho, Firefox mulibemo. Ndipo lamulo loti snap source kulibe. Sindikunena kuti source ya Firefox inabisidwa, Mozilla imaitulutsa poyera ndipo fayilo yomangira snap ija ilipo pa intaneti, koma tsopano uyenera kudziwa wekha kokaifuna, ndipo pa snap iliyonse malo ake ndi osiyana, ina wolemba anaika linki ina sanaike, sitolo yake imasakanizanso zaufulu ndi zotseka malo amodzi. Anthu a Linux Mint anakana zimenezi mu 2020 pa Mint 20, anatseka kuti snapd, yoyendetsa ma snap, isamalowe mwakachetechete, kenako anayamba kumanga Chromium yawo okha. Ine ndili mbali yawo pa nkhani imeneyi, ngakhale ndikumvetsa chimene Canonical, kampani ya Ubuntu, inkathawa, kumanga browser yaikulu chonchija milungu ingapo iliyonse pa ma Ubuntu angapo nthawi imodzi ndi ntchito yolemetsa zedi. Koma akanatha kupeputsa ntchito yawo osadula chingwe chopita ku source. Flathub, sitolo ina ya mapulogalamu a Linux, inayesetsako, pulogalamu iliyonse ili ndi fayilo yake poyera pa GitHub yofotokoza kumene zinthu zinatengedwa, ngakhale nakonso zina ndi zongotenga binary ya eni ake n'kuikulunga.

AppImage ndi ma Docker image, njira zinanso zogawira mapulogalamu, ndiye ndisanene zambiri. Fayilo imodzi yaikulu, mkati mwake muli malaibulale makumimakumi amene wina anawasonkhanitsa tsiku lina lake, ndipo ukafunsa kuti libssl ili mmenemu ndi iti, inamangidwa kuchokera kuti, nthawi zambiri palibe woyankha. Timazikonda chifukwa zimayenda pa fulashi, ukopera mnzako n'kutsegula pompo popanda intaneti, ndipo kuno zimenezo ndi phindu lenileni, sindingakane. Koma tidziwe chimene tikutaya posinthanitsa.

Kampani ya Red Hat nayo pa 21 June 2023 inalengeza kuti source ya RHEL, Linux yake yogulitsa, sidzaikidwanso pa git.centos.org monga kale, poyera pazikhala CentOS Stream yokha, ma source package enieni a RHEL azipezeka kwa makasitomala. Maloya atha kukangana ngati zimenezi zikuphwanya GPL, layisensi ya mapulogalamu aufulu, kapena ayi, ambiri amati sizikuphwanya, koma zotsatira zake tinaziona kwa amene ankamanga Linux yawo kuchokera ku source ya RHEL, AlmaLinux inasintha cholinga chake, Rocky Linux inayamba kufuna njira zina zopezera ma source, ndipo Oracle, SUSE ndi CIQ anapanga bungwe la OpenELA mu August chaka chomwecho. Palibe mzere olo umodzi wa code umene unasintha tsiku limenelo, chinasintha ndi malo amene phukusi likuikidwa ndi amene akuloledwa kulitenga, koma zinagwedeza anthu onse amene ankadalira njira yakale.

Palinso vuto lina limene ndi lathu kwambiri kuno kuposa kwina, la nthawi. Makompyuta ambiri a m'masukulu ndi m'maofesi ang'onoang'ono kuno amaikidwa kamodzi, mwina ndi munthu wochokera ku Tete kapena wodutsa pa Calómuè kuchokera ku Dedza, kenako amatha chaka kapena ziwiri osapanga update chifukwa mamega ake alipira ndani. Tsiku limene wafuna source ya pulogalamu imene ili mmenemo, seva ili ndi vesheni yatsopano yokha, yakale inachotsedwa kalekale. Ukoka source, uwerenga, koma si imene ikuyenda pa makina ako, vuto limene ukulifuna mwina analikonza kale kapena lasamukira pena. Debian pa ichi inachita chinthu chamtengo wapatali, snapshot.debian.org imasunga maphukusi akale kuyambira 2005, ndipo pa sources.debian.org umawerenga fayilo imodzi yokha pa browser osakoka phukusi lonse, zimene kwa munthu wa mamega ochepa ndi chipulumutso chenicheni, olo pa foni zimatheka. Ubuntu imasunga zake pa Launchpad. Koma kodi ndi angati amene anauzidwapo zoti malo amenewa alipo? Uthenga wa apt sutchula, aphunzitsi ambiri satchula.

Ndibwerere kwa aja amati ndani amawerenga source kuno. Choyamba, safunika kukhala ambiri, mmodzi pa boma lonse akwanira kuthandiza ena onse, ngati mmene zilili kuti si tonse timatsegula injini ya njinga yamoto. Chachiwiri, source package si ya olemba mapulogalamu okha. Amene akufuna kuti pulogalamu ilankhule Chichewa, kuti agogo kapena mwana wa sukulu ya pulaimale aone mawu oti tsegula, sunga, tseka mmalo mwa Chipwitikizi kapena Chingerezi, amafunika mafayilo a .po ndi .pot, mmene mumakhala mawu omasulira, ndipo amenewo amakhala mu source, mu makina mwako mumangofika .mo yogayidwa kale. Kuno masukulu ena amaphunzitsa ana m'zilankhulo ziwiri, Chinyanja ndi Chipwitikizi, mphunzitsi wa kalasi yotero amene sadziwa chilankhulo cholembera mapulogalamu cha C olo pang'ono atha kumasulira mawu mazana angapo a ka pulogalamu kophunzitsira masamu ngati wina atamuikira fayilo patsogolo. Njira yopita ku source ikatalika, ntchito ngati imeneyi siiyambika n'komwe, ndipo palibe amene amadandaula chifukwa palibe amene anadziwa kuti zinali zotheka.

Chimene ndikupempha kwa omanga maphukusi, kaya a kampani kaya odzipereka, sichachikulu. Phukusi lililonse, mtundu uliwonse, lizinena lokha kuti ndinachokera ku source iyi, vesheni iyi, ili apa, ndipo pakhale lamulo limodzi loikokera. Deb ndi rpm akhala akuchita zimenezi kwa zaka zoposa 20, palibe chifukwa choti mitundu yatsopano ibwerere m'mbuyo. Ndipo akachotsa kanthu mu source azinena, monga Debian imachitira poika +dfsg pa nambala ya vesheni kusonyeza kuti tarball ya eni ake inachotsedwamo zina zosagwirizana ndi malamulo awo a ufulu.

Koma nafenso kuno tili ndi mbali yathu, makamaka inu achimwene amene mumakonza makompyuta m'mabanka ndi m'timashopu pa Ulónguè, pa Zóbuè, pa Moatize, ndi inu aphunzitsi a informática. Mukamaikira munthu Linux ndinu omaliza pa mzere wa omanga maphukusi, zimene mwasankha inu ndi zimene iye akhale nazo. GPL yachiwiri ya 1991 imanena kuti wogawa binary apereke source limodzi kapena lonjezo lolembedwa la zaka zosachepera zitatu, ndiye amene akugulitsa laputopu yoikidwa kale Linux nkhaniyi ikumukhudza ndithu ngakhale palibe amene adzabwere kudzamufunsa. Pamene pali deb ndi snap ya chinthu chomwecho, sankhani deb. Pa makina a sukulu tsegulani deb-src ndipo muike dpkg-dev musanachoke. Tsiku limene mwapeza intaneti yabwino, mwina mwapita ku Tete kapena kwa mnzanu wa ku yunivesite, kokani source ya mapulogalamu amene ana amagwiritsa ntchito kwambiri ya vesheni yomweyo imene mwaikayo, muisiye pa hard disk ya sukulu mu foda yooneka, Debian imatulutsanso ma DVD image a source okhaokha kwa amene ali ndi malo okwanira. Ndipo pa phunziro loyamba la terminal, mukamaliza kuwaonetsa ls ndi cd, aonetseninso dpkg -S /usr/bin/ls kapena /bin/ls malinga ndi makina anu, aone kuti pa Debian yachokera ku coreutils, kenako apt source coreutils, atsegule src/ls.c aone ndi maso awo kuti ka lamulo ka zilembo ziwiri kamene angolemba kumene kali ndi mizere masauzande imene anthu analemba, ndi ndemanga zawo mkati.